Kodi Nsalu ya Chipani Ndiyo Mtima wa Munthu?



Pali mau amene afala pakati pa ife a ku Malawi, a ku Chipata ndi a ku Tete okhala mu mzinda uno wa Leicester, ndipo tifuna kulimbana nao poyera, pakuti ayamba kutipusitsa. Mauwo ndi akuti ukangodziwa chipani cha munthu wadziwa zonse za iye. Akati uje ndi wa Labour, mlandu watha: ndiye kuti akonda alendo ndi amphawi, koma za Mulungu alibe nazo kanthu. Akati uje ndi wa Conservative, ndiye kuti asunga banja ndi tsiku la Sabata, koma munthu wakuda safuna kumuona. Mnyamata akangotsika ndege, asanadziwe ngakhale basi yopita ku Belgrave, akuluakulu amuuza kale nsalu imene ayenera kuikonda, yofiira kapena ya buluu, ndipo iye abvomera chifukwa cha ulemu.

Nkhani iyi si yongochezera pa tiyi mapemphero atatha. Lamulo la dziko lino lilola munthu wochokera m'maiko a Commonwealth, ngati ali ndi chilolezo chokhala kuno, kulembetsa dzina lake ndi kuponya voti monga mwini dziko. Ndipo Malawi, Zambia ndi Mozambique onse ali m'gulu limenelo. Voti tiri nayo m'manja, ndipo amene tiwasankha ndiwo alemba malamulo onena ngati mkazi ndi ana angatsate bambo kuno, ndi zaka zingati munthu adikire asanapatsidwe chikalata chokhazikika. Chinthu cholemera chotere sitingachipereke chifukwa cha mtundu wa nsalu.

Ife amene tidyera umabalani pa mgodi tidziwa bwino chimene buku la maina lingathe kunena ndi chimene silingathe. Bukulo likuuza nambala ya munthu, gulu limene alowa nalo pansi, ndi ola limene atuluka. Silikuuza ngati munthuyo atumiza ndalama kwa amai ake, kapena ngati adzaima kukoka mnzake tsiku limene mwala udzagwa. Dzina la chipani liri chimodzimodzi, ndipo mboni zathu zoyamba tizitenga pompano pa khomo.

Amene ayenda pa Belgrave Road ndi Melton Road aona masitolo a golide, a nsalu za sari ndi a zakudya zonuna, ndi nyali zoyaka msewu wonse pa nyengo ya Diwali. Eni ake ambiri a masitolowo, kapena makolo ao, anachokera kwathu konkuja ku Africa: ku Kenya, ku Uganda, ku Tanzania, ndi ena ku Malawi komwe, kumene boma la Dr Banda m'zaka za m'ma 1970 linawachotsa m'masitolo a kumidzi ndi kuwaunjika m'matauni akuluakulu. Tsono tifunse, anawatsekera khomo ndani, ndipo anawatsegulira ndani? Wotsata nsalu ayankha msanga kuti otseka anali a buluu, otsegula a nsalu yofiira. Taimani pang'ono.

M'chaka cha 1968 amwenye a ku Kenya anali kudza kuno ndi mapasipoti a Britain, amene boma la Britain lomwe linawapatsa. Boma la nthawi imeneyo linali la Labour, nduna yaikulu Harold Wilson, nduna ya za m'dziko James Callaghan. Boma limenelo linathamangitsa lamulo m'Nyumba ya Malamulo m'masiku owerengeka chabe, lonena kuti pasipoti payokha siikwanira, pokhapokha munthu mwini, kholo lake kapena agogo ake anabadwira kuno kapena analembedwa unzika kuno. Mau akuti khungu sanalembedwemo, koma mwana wa Sitandade 3 akanatha kuona amene lamulolo linali kuwasaka. Ndipo mwa aphungu ochepa amene anaima kulikana munali Iain Macleod, munthu wa Conservative. Dzina limeneli musaliiwale, tikumana nalonso.

Zitapita zaka zinai, mu August 1972, Idi Amin anapatsa amwenye a ku Uganda masiku 90 kuti achoke m'dziko. Boma la kuno tsopano linali la Conservative, la Edward Heath, ndipo linabvomera kulandira amene anali ndi mapasipoti a Britain. Anadza anthu pafupifupi 28,000. Nanga khonsolo ya mzinda uno, imene inali m'manja mwa Labour, inachita chiani? Inalipira ndalama kuika chilengezo m'nyuzi ya Uganda Argus, kuuza anthu othamangitsidwawo kuti nyumba ndi masukulu a ku Leicester adzaza, asadze kuno. Ha! Anthu akumanga katundu mfuti iri pa khosi, ndipo chipani chimene timachitcha cha alendo chiwatumizira kalata yoti kuno kulibe malo. Koma chilungamo chitikakamiza kunenanso kuti makhansala ena a Labour omwewo anachikana chilengezocho, ndi kuti m'chipani cha Heath munali Enoch Powell amene anamenya nkhondo kuti anthuwo asalandiridwe, nagonja pa msonkhano waukulu wa chipani chake chaka chomwecho. Chotero m'chipani chiri chonse munali otsegula ndi otseka. Anthu a ku Uganda anadzabe, ndipo akuluakulu a ku Belgrave amaseka kuti chilengezo chija chinangowaphunzitsa dzina la mzinda woti apiteko.

Mwina wina ati izo ndi za amwenye, si zathu. Chabwino, tibwerere ku zathu, ku nkhani imene agogo athu anaifera, ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Mzungu amene anachikoka Chitaganya ndi mphamvu zake zonse, nakhala nduna yake yaikulu kuyambira 1956 kufikira chinatha mu 1963, anali Roy Welensky. Munthu ameneyu sanali mwana wa mabwana a minda iai. Anali woyendetsa sitima ya pamtunda ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, mtsogoleri wa bungwe la anchito a njanji, ndipo mu 1941 anayambitsa chipani chotchedwa Labour ku Northern Rhodesia. Wanchito, wa bungwe, wa Labour: maina onse atatu okoma anali nao. Koma anchito amene iye anawamenyera nkhondo anali oyera okha, ndipo nkhondoyo inali yoti munthu wakuda asakwere kufika pa nchito zao. Ku London nakonso, boma limene linalola kuti misonkhano yokonza Chitaganya iyambike mu 1951 linali la Labour, ndipo nduna ya za maiko a atsamunda imene inakakhala pa msonkhano wa ku Victoria Falls inali James Griffiths, munthu amene anakulira mu mgodi wa malasha ku Wales. Atachoka m'boma, a Labour anayamba kutsutsa zoti Chitaganya chikakamizidwe pa anthu osachifuna, zimenezo tiwayamika. Ndipo amene anachikakamiza mu 1953 anali a Conservative, amenenso anali m'boma pa 3 March 1959 pamene Dr Banda anagwidwa ndi anthu anaomberedwa ku Nkhata Bay. Mlandu umenewo ndi wao, sitiwachotsera.

Koma nanga amene anatsegula ndende ya Gwelo pa 1 April 1960 ndani? Ndi Iain Macleod yemwe uja, nduna ya boma lomwelo la Conservative, amene azungu a ku Salisbury anamuda koposa mdani ali yense, ndi akuluakulu ena a chipani chake anamunyoza poyera chifukwa cha ife. Ndipo amene analola Nyasaland kutuluka m'Chitaganya mu December 1962 anali R. A. Butler, wa Conservative nayenso. Tsono mwana wathu akatifunsa kuti chipani cha buluu chinali bwenzi la Malawi kapena mdani, tidzamuyankha chiani? Yankho loona ndi lakuti atchule munthu ndi chaka.

Za Powell uja pali chodabwitsa chimene ambiri sachidziwa. Tsiku lomwe lija la 3 March 1959, ku ndende ya Hola ku Kenya, akaidi 11 a Mau Mau anamenyedwa mpaka kufa. Mu July chaka chomwecho, usiku pakati m'Nyumba ya Malamulo, amene anaimirira kudzudzula boma la chipani chake chomwe, nati Britain sangakhale ndi muyeso wina wa chilungamo kwa Mwafrika ndi wina kwa mzungu, anali Powell. Munthu yemweyo mu April 1968 ananena mau oopsa ku Birmingham otsutsa kudza kwa anthu akuda, ndipo amene anaguba m'misewu ya London kumuchemerera anali anchito a pa doko, mamembala a mabungwe a anchito. Mu February 1974 anauza anthu kuti aponyere voti Labour chifukwa cha nkhani ya Ulaya. Sitikumuyeretsa, mau ake a 1968 anapweteka anthu ambiri m'misewu yathu ino. Tingoti ngati munthu mmodzi sakwana m'thumba limodzi, nanga chipani cha anthu zikwi ndi zikwi chingakwane bwanji?

Ife anthu a nchito tiri ndi chinyengo chathu chimene tichikonda, chakuti wanchito ali yense ndi mbale wa wanchito mnzake. Mzinda uno uli ndi mboni ziwiri zotsutsa. Mu May 1974 anchito achimwenye mazana angapo, ambiri a iwo ochokera ku Uganda, ndi akazi ochuluka pakati pao, ananyanyala nchito pa fakitale ya makina olembera ya Imperial, chifukwa cha ndalama za bonasi ndi chifukwa chosakwezedwa pa nchito monga anzao oyera. Atsogoleri a kuno a bungwe lao la Transport and General Workers' Union, limene anali kulipirako ndalama mwezi ndi mwezi, anakana kuwaimira. Ndipo pa sitalaka yaikulu ya migodi ya malasha ya 1984 ndi 1985, mwa amuna oposa 2,000 a m'migodi ya Leicestershire, amene ananyanyala kufikira mapeto anali ngati 30 okha, nawapatsa dzina lonyoza lakuti Dirty Thirty. Ku Nottinghamshire ambiri anapitiriza kulowa pansi, ndipo pambuyo pake anapatuka nayambitsa bungwe lao. Onsewo anali amuna a mgodi umodzi, fumbi limodzi m'mapapo, khadi limodzi la bungwe m'thumba, ndipo ambiri anali kuponyera voti chipani chimodzi. Ena anati sitinyanyala popanda voti ya dziko lonse. Ena anati mgodi ukatsekedwa voti idzatithandiza chiani. Mabanja ena sanalankhulane zaka zambiri.

Tsopano titembenukire kwa abale a mbali inayo, amene amatinong'oneza kuti Mkristu weniweni malo ake ndi ku nsalu ya buluu, pakuti kumeneko ndiko asunga za Mulungu. Abale, kodi mudziwa amene anafuna kutsegula masitolo onse pa tsiku la Sabata? Linali boma la Margaret Thatcher mu 1986. Lamulo lakelo linagwa, chifukwa aphungu 72 a chipani chake anamuukira, nagwirizana ndi a Labour, ndi bungwe la anchito a m'masitolo, ndi mipingo. Onani gulu limenelo: abusa, anchito ndi aphungu a buluu pa mphasa imodzi, kutsutsana ndi boma la buluu. Mu 1994, pansi pa John Major, wa Conservative, masitolo akuluakulu analoledwa kugulitsa maola 6 pa Sabata, ndipo chaka chomwecho juga ya dziko lonse ya lotale inayamba. Mlongo amene lero alephera kudza ku mapemphero chifukwa ali pa shifiti ya Lamulungu m'sitolo angafunse kuti nsalu ya buluu inamusungira chiani. Ndipo asanakondwere a nsalu yofiira, akumbuke kuti lamulo limene linamasula malonda a juga mu 2005, amene zilengezo zake zadzaza pa mpira uli wonse, linali la boma la Tony Blair.

Mboni yoposa zonse ndi ya pa 29 November 2024. Tsiku limenelo aphungu anaponya voti pa lamulo lofuna kulola munthu wodwala matenda osachira, amene watsala pang'ono kufa, kuthandizidwa kuti afe msanga. Zipani zinamasula aphungu ao kuti ali yense atsate mtima wake, ndipo obvomereza anali 330, okana 275. Tsono yesani kulosera ndi nsalu. Keir Starmer, mtsogoleri wa Labour, anabvomereza. Wes Streeting, amene anali nduna yake ya za umoyo, anakana. Rishi Sunak wa Conservative anabvomereza. Kemi Badenoch, amene anamulowa m'malo pa utsogoleri wa chipani, anakana. Diane Abbott, mai wakuda woyamba kulowa m'Nyumba ya Malamulo, wa kumanzere kweni kweni, analemba kalata imodzi ndi Edward Leigh, Mkatolika wa kumanja kweni kweni, onse awiri kukana. Ambiri a ife tigwira nchito yosamala nkhalamba ndi odwala, ndipo nkhani imeneyi iri pafupi ndi manja athu kuposa nkhani ya msonkho. Pa nkhani yotere, ya moyo ndi imfa, dzina la chipani silinakuuze kanthu ngakhale pang'ono.

Tidziwa chimene anzathu ophunzira adzatiyankha, ndipo sitichithawa. Adzati: mwasankha nkhani zachilendo zokha, masiku ambiri phungu wa Labour aponya voti ndi Labour, wa Conservative ndi Conservative. Inde, nzoona. Koma chifukwa chake nchiani? M'Nyumba ya Malamulo muli akapitao a chipani, amene dzina lao m'Chingerezi litanthauza chikwapu, ndipo nchito yao ndi kuona kuti phungu ali yense walowa khomo limene wauzidwa. Mu July 2024 aphungu 7 a Labour anaponya voti yofuna kuchotsa lamulo limene linali kumana chithandizo cha boma mwana wachitatu ndi otsatira m'banja losauka. Chipani chao chinawaimitsa. Mu November 2025 boma lomwelo linalengeza kuti lichotsa lamulo lomwelo. Kodi maganizo a Labour pa nkhani imeneyi anali ati, a July 2024 kapena a November 2025? Gulu likalowa pansi pamodzi pa ola limodzi, chimene mwaona ndi mphamvu ya kapitao ndi belu, mitima simunaione.

Tibvomeranso ichi: mutasonkhanitsa anthu 1,000 a nsalu yofiira ndi 1,000 a buluu, mudzapeza kuti ofuna msonkho wokwera pa olemera achuluka ku mbali yofiira. Dzina linena kanthu za khamu, makamaka pa nkhani imene chipani chinabadwira. Koma inu simulankhula ndi khamu. Mulankhula ndi munthu mmodzi, mnansi wa khomo lotsatira, kapena wofuna mpando amene wagogoda pa chitseko chanu, ndipo nkhani imene ikupwetekani mwina si imene chipani chake chinabadwira. Maina awa akuti kumanzere ndi kumanja anachokera ku France mu 1789, kumene okonda mfumu anakhala ku dzanja lamanja la wapampando ndi otsutsa ku lamanzere. Ndi maina a mipando. Kodi pali chingwe chotani chomanga msonkho ndi tsiku la Sabata, kapena Sabata ndi nkhondo ya ku Gaza, kapena Gaza ndi chitupa cha wosamala nkhalamba? Palibe. Chipani chiri ngati sitima ya Wenela imene inkanyamula Alomwe, Atonga, Ayao ndi Angoni kupita ku Joni: wina afuna njinga, wina malata, wina athawa msonkho, wina athawa apongozi. Sitima ndi imodzi chifukwa njanji ndi imodzi.

Ife a ku Malawi sitiyenera kuphunzitsidwa zimenezi ndi azungu, pakuti tinaziona m'nyumba mwathu. Pa 6 July 1964 dziko linalandira ufulu, ndipo nduna zonse zachikuda zinali za chipani chimodzi, tambala wakuda mmodzi, nyimbo imodzi. Isanathe miyezi itatu Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa, pamodzi ndi Rose Chibambo, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere anatula maudindo. Anasiyana pa chiani? Pa nkhani imodzi imodzi: tiki yolipira ku chipatala, malipiro a anchito a boma, kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalawi, ubwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndi nkhani ya China. Munthu amene mu 1963 akanati wa Kongeresi ali yense adana ndi boma la tsankho la South Africa, akanatani mu 1967 pamene Dr Banda anamanga nalo ubale wa akazembe? Ndipo za masiku a zipani zambiri sitichita kunena. Bingu wa Mutharika analowa ndi nsalu yachikasu mu 2004, mu 2005 anasoka ya buluu, ndipo aphungu anamutsata ngati nkhuku zoona chimanga. Amai athu kumudzi amadziwa bwino: nsalu ya chipani chiri chonse alandira, aberekera mwana, koma za mumtima anena okha m'kachipinda ka voti. Chodabwitsa nchakuti ana ao, titaoloka nyanja, tayamba kukhulupirira nsalu kuposa iwo.

Ndipo kukhulupirira kumeneko kwatidula kale. Mu March 2024 boma la Conservative linaletsa osamala nkhalamba ochokera kunja kubwera ndi mabanja ao. Ambiri pakati pathu anati pirirani, a Labour akalowa zisintha. Analowa mu July 2024. Lamulolo sanalichotse; mu May 2025 analengeza kuti atseka konse njira yolembera osamala nkhalamba kuchokera kunja, naitseka mu July chaka chomwecho, nanenanso kuti afuna kuti zaka zodikira chikalata chokhazikika zichoke pa 5 kufika pa 10. Za chithandizo chopita ku maiko osauka, chimene chimafika mpaka ku zipatala ndi masukulu a kwathu, mabalani awerenge motere: lamulo la 2015, m'nthawi ya David Cameron, linati mapeni 70 pa £100 iri yonse ya chuma cha dziko. Boma la Conservative linatsitsa kufika pa mapeni 50 mu 2021, ndipo amene anatsogolera kukana anali Andrew Mitchell, wa Conservative. Boma la Labour mu February 2025 linalengeza kutsitsanso kufika pa mapeni 30, ndipo amene anatula udindo pokana anali Anneliese Dodds, wa Labour. Munthu wofuna chithandizo chimenechi abwenzi ake ali m'zipani zonse ziwiri, adani akenso chimodzimodzi. Safunsa anadya phula.

Anansi athu a mzinda uno anationetsa mu 2024 kuti iwo nsalu siiwamanga. Pa 4 July dziko lonse linathamangira ku Labour, koma dera la Leicester East, mmene muli Belgrave, limene linasankha Labour pa masankho onse kuyambira 1987, linasankha Shivani Raja wa Conservative, ndipo uwu unali mpando umodzi wokha umene chipani chake chinalanda m'dziko lonse. Ku Leicester South, Jonathan Ashworth, mmodzi wa akuluakulu a Labour, anagwa ndi mavoti 979 pamaso pa Shockat Adam, dokotala wa maso woima payekha, wobadwira ku Malawi, amene anaimika nkhani ya Gaza patsogolo. Ndipo taonani, olemba nyuzi a ku London anathamanga kusoka nsalu zatsopano: Ahindu tsopano ndi a Conservative, Asilamu asamala za Gaza zokha. Bodza lomwe lija, lobvala malaya ena. Mai Raja sanapeze ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a mavoti. Otsalawo anagawika pakati pa anthu ambiri, kuphatikizapo aphungu awiri akale a deralo, Keith Vaz ndi Claudia Webbe. Mwa amene anamusankha, wina anakondwa ndi Sunak, wina anakwiya kuti Labour itumiza anthu ochokera kutali kudzaima kuno, wina sanaiwale mau a msonkhano wa Labour wa 2019 pa nkhani ya Kashmir, wina anangoganiza za kasitolo kake. Munthu woteroyo mukamufunsa za chipatala chaulere, mwina adzachiteteza koposa inu.

Apa mpamene nkhaniyi ifika pa mtendere wa misewu yathu. Mu August ndi September 2022 kunabuka chipwirikiti pakati pa anyamata ena achihindu ndi achisilamu ku Belgrave ndi madera oyandikana nao, ndipo mafuta ambiri pa motowo anathiridwa ndi anthu a pa intaneti amene msewuwo sanaupondepo, oweruza mtundu wonse ndi dzina limodzi. Ife ndife ochepa mu mzinda uno, tikhala m'nyumba za lendi za anthu amenewa, tigula ufa m'masitolo ao, ana athu akhala pa benchi imodzi ndi ao. Tikayamba kuona mwini nyumba wachihindu ngati mdani wa alendo chifukwa cha chithunzi cha buluu pa windo lake, pamene iye mwini anadza kuno ndi sutikesi imodzi mu 1972, tadzitsekera tokha khomo la munthu amene akanatimva msanga kuposa ena onse. Ndipo mu mpingo momwemo, mbale akanena kuti boti zooloka nyanja usiku zimuopsa, ena amutcha wogulitsa anzake. Mlongo akanena kuti olemera alipire msonkho wochuluka, ena ayamba kukaika chikhulupiriro chake. Pakati pa ophunzira khumi ndi awiri munali wokhometsa msonkho wa Aroma ndi wina wotchedwa Zelote, ndipo anadya m'mbale imodzi. Ife tilephera kumwa tiyi pamodzi chifukwa cha zipani za eni dziko.

Tsono pempho lathu kwa akulu a mpingo ndi kwa onse olandira alendo atsopano ndi ili: lekani kuwapatsa nsalu, apatseni mafunso. Wofuna mpando akagogoda, musamufunse chipani chake, pakuti chalembedwa kale pa chifuwa. Mufunseni ngati iye mwini abvomera kuti wosamala nkhalamba akhale zaka popanda ana ake. Mufunseni zaka 5 kapena 10, ndipo ngati kapitao wa chipani amuuza zina, adzalowa khomo liti. Mufunseni za mafakitale osoka zobvala a kum'mawa kwa mzinda uno, amene mu 2020 anamveka dziko lonse kuti ena alipira £3.50 pa ola, ndipo iye anachitapo chiani. Akayamba kukuuzani za kuipa kwa chipani chinacho, mubwezereni ku funso mwaulemu, monga tichita ndi mboni yozungulira pa bwalo la mfumu. Ngati ndi phungu kale, simusowa kudalira pakamwa pake: voti iri yonse ya m'Nyumba ya Malamulo ilembedwa dzina ndi dzina m'buku lotchedwa Hansard, ndipo munthu ali yense angaliwerenge pa intaneti. Amene alibe kompyuta apite ku laibulale ya Belgrave pa Cossington Street, atenge khadi, ndipo mnyamata wa sukulu amuthandize kupeza tsiku ndi dzina.